Buku la Masewera Limene Linakulunga Zitumbuwa

Kompyuta inafika pa ofesi ya sikimu ya mpunga ku Hara m'chaka cha 1990, ili kumbuyo kwa galimoto, itafunditsidwa bulangete ngati munthu wodwala malungo. Anabwera nayo ndi a Gray, mzungu wodziwa za ngalande amene anatumizidwa kudzayeza madzi olowa m'minda. Phoebe, mtsikana wotayipa makalata pa ofesipo, anauzidwa kuti ntchito yake pa makinawo ndi imodzi yokha: kuwapukuta fumbi m'mawa.

Phoebe kwawo kunali ku Ntcheu. Boma linamuponya kumpoto atangomaliza kosi ya taipi, ndipo m'zaka ziwiri anali ataphunzira zambiri. Ankadya mpunga m'mawa, masana ndi madzulo osadandaula, ankayankha kuti "yewo" akapatsidwa moni, ndiponso anazolowera dzuwa limene limafewetsa kandulo ili m'kabati. Chomwe chinamukanika ndi kuona chinthu cha mabatani n'kusunga manja kumbuyo. Sabata isanathe, a Gray anamupeza atalemba dzina lake kasanu pa galasi lobiriwira la makinawo. Sanakalipe. Anangomukokera mpando n'kumuonetsa kalowetsedwe ka manambala a madzi, ndipo posakhalitsa ntchito yonseyo inasanduka ya Phoebe.

Magetsi a pa ofesipo anali a jenereta, yomwe inkalira kuyambira teni koloko mpaka thu koloko basi. Tsiku lina, kutatsala masiku atatu kuti a Gray abwerere kwawo, ntchito inatha msanga. Mzunguyo anakhala pa makina, natayipa mizere ingapo akuimba kamluzu, kenaka n'kudina batani limodzi. Pa galasi panatulukira kadontho. Kanayamba kuthamanga, kugunda khoma, kubwerera, kugundanso. M'munsi mwake munali kandodo kamene kankasuntha munthu akadina mabatani awiri.

"Usalole mpirawo ugwe," anatero a Gray.

Phoebe anaugwetsa. Anaugwetsanso. Ulendo wachitatu anaubweza kanayi motsatizana, ndipo anakuwa kwambiri moti a Wallace, akulu a pa ofesi, anasuzumira pakhomo kuti aone ngati mwalowa njoka.

"Mpirawu unabisala kuti masiku onsewa?" anafunsa Phoebe.

"Kunalibe. Ndaulemba pompano."

"Mwaulemba? Kodi mpira amachita kulemba?"

A Gray asanayankhe, jenereta inatsokomola n'kuzima. Galasi linada, mpira uja n'kupitira pomwepo chifukwa mwini wake sanausunge. Masiku awiri otsatirawo anathera m'kulongedza katundu ndi kutsanzikana, ndipo Loweruka galimoto inawanyamula a Gray, akazi awo ndi ana awo awiri. Phoebe anatsala ndi funso lake likumuyabwa ngati chitedze.

Kuyambira pamenepo mtsikanayu sanalinso yemwe uja. Akamayenda pa mizere ya pakati pa minda, ankaona achule akudumpha n'kumadzifunsa kuti chule angafune mizere ingati. M'tchalitchi ankatsatira ndi maso ntchentche ikugunda zenera n'kubwerera, akumwetulira yekhayekha, mpaka mayi wina anachita kumugunda ndi chigongono kuti ulaliki uli mkati.

Anayamba ndi buku limene linabwera ndi makinawo. Linali lonenepa ngati Baibulo la pa guwa, ndipo Chingerezi chake chinali choti liwu lililonse ukulidziwa koma chiganizo chonse osachimva. Linkafotokoza lamulo lililonse palokhapalokha, ngati munthu amene wati akuphunzitse kuphika koma akungokutchulira mayina a ndiwo. Za mpira munalibe.

"Liyenera kukhalapo lina," anauza Manase tsiku lina. "Sizingatheke kuti onse anayambira pa chimphona ichi. Kalipo kabuku kena kakang'ono, ka anthu ongoyamba kumene."

Manase anali mlangizi wa alimi, wochokera ku Lupembe, munthu wamtali woyenda pa njinga yamoto ya boma imene inkamveka isanaoneke. Ndi iye amene ankamumasulira Phoebe Chitumbuka chikamukulira.

"Mukakapeza kabukuko, achemwali, mpunga uchuluka?"

"Ayi."

"Nanga madzi?"

"Ayinso. Koma mpira udumpha."

Manase anakanda m'mutu. "Basi tikafunefune. Chifukwa chomveka bwino chotere sindinachimvepo."

Loweruka lina Phoebe anakwera basi yam'mawa kupita ku boma ku Karonga, kumene kunali laibulale. Bambo amene anamupeza m'menemo anali wokoma mtima, wofunitsitsa kuthandiza. Atamva zoti masewera, anamubweretsera buku la malamulo a netibolo. Atamva zoti kompyuta, anakwera pa mpando n'kutsitsa buku la fumbi lokhalokha, lokhala ndi zithunzi za makina aakulu ngati nkhokwe, amuna ovala makoti oyera akuwadyetsa makadi obooka. Phoebe atafotokoza kuti akufuna ziwiri zonsezo m'buku limodzi, bamboyo anavula magalasi namuyang'ana mwachifundo.

"Mwana wanga, makina odula chotero, ndani angamaseweretse?"

Analembera kalata sitolo ina ya mabuku ku Blantyre. Yankho linabwera patatha masabata asanu ndi limodzi, lonena kuti mabuku oterowo alibe, koma ali ndi buku labwino zedi lophunzitsa kutayipa ndi zala zonse khumi. Phoebe, amene ankatha kutayipa kalata yonse akucheza ndi munthu wa pawindo, anaipinda kanayi kalatayo n'kuchirikizira mwendo wa tebulo umene unkagwedera. Mphunzitsi wina wa masamu wa ku sekondale anamuuza kuti zimenezo amaziyambira ku yunivesite, ndipo anafunsa kuti masamu a fomu folo anakhoza bwanji. Phoebe anayamba kukamba za mvula.

Inapita miyezi inayi. Mpunga unatulutsa ngala, mpheta zinayamba kuvuta, ndipo m'minda monse munali phokoso la anthu okuwa ndi kumenya zitini.

Lachitatu lina jenereta itazima, Phoebe anatsikira pa kamsika ka m'mbali mwa msewu kukagula zitumbuwa kwa Keziya. Keziyayu anali mayi wathupi, wamawu akulu, amene zitumbuwa zake za ufa wa mpunga ankazitama mpaka anthu a ku Chilumba. Phoebe analandira ziwiri zokulungidwa m'pepala, nayamba kudya akuyenda. Atamaliza anatambasula pepalalo kuti apukutire zala.

Mafuta anali atalilowerera mpaka kumaonekera kuseri, komabe zolemba zinkawerengeka. Pamwamba panali chithunzi cha kachidole kachitsulo kamaso akuluakulu, kakuloza ndi chala mizere isanu yoyamba ndi manambala: 10, 20, 30, 40, 50. Pambali pa mzere uliwonse panali kamuvi ndi mawu ofotokoza, Chingerezi chake chofewa ngati cha sitandade faifi. Mzere uwu ukuika mpira pa galasi. Mzere uwu ukuufufuta. Mzere uwu ukuuikanso patsogolo pang'ono.

Phoebe anaima chilili pakati pa msewu. Wanjinga wina analiza belu, namuzemba, namulankhulira zake, iye osamva kanthu. Anawerenganso kachiwiri. Ha! Ndiye kuti mpira uja sunkayenda n'komwe! Unkangofufutidwa apa n'kulembedwa apo, mofulumira moti maso ankanamizika. Anakuwa, natembenuka ndi liwiro, silipasi imodzi n'kutsala pa msewu.

"Nchivichi, mama?" Keziya anadzambatuka, chipande chili m'manja. "Mwapezamo ntchentche? Ine mafuta ndasintha dzulo lomweli!"

"Pepala ili, mayi! Mwalitenga kuti?"

"Pepala?" Keziya anayang'ana amayi anzake ogulitsa tomato, ngati akuwapempha kuti akhale mboni. "Anthu amabwerera kudzatama vitumbuwa. Inu mwabwerera pepala?"

Nkhani yake inali yachidule. A Gray akuchoka, khukhi wawo anamupatsa Keziya katoni yodzaza mapepala akale. Manyuzipepala anatha sabata yapitayo, ndiye Lolemba anayamba kung'amba timabuku ta ana a mzunguyo. Anawerama, nasolola pansi pa beseni chimene chinatsala. Chikuto chinalipo, chokhala ndi chithunzi cha ana awiri akuseka patsogolo pa galasi, ndipo mutu wake unkanena kuti ndi buku la ana ofuna kuyamba kudzilembera okha masewera a pa kompyuta. Koma mkati munali ngati mkamwa mwa nkhalamba. Keziya ankangozula pamene dzanja lagwira.

Phoebe anamukumbatira mayiyo ndi chipande chake chomwe, navina pang'ono pa fumbi ndi silipasi imodzi. Kenaka anawerenga manambala a m'makona. Masamba khumi ndi awiri panalibe.

"Enawo ali kuti?"

"Apita ndi vitumbuwa, mama."

"Kwa ndani?"

Keziya anatukula chifuwa. "Ine makasitomala anga ndimawadziwa ngati ana anga." Ndipo anayamba kuwatchula ndi zala, kuyambira a Lolemba m'mawa.

Phoebe anakamupeza Manase akupopa tayala kuseri kwa ofesi. Phoebe analankhula mothamanga moti munthuyo anangomva mawu atatu okha, buku, zitumbuwa ndi tiyeni, koma anali okwanira. Analiza njinga, Phoebe nakhala chammbali kumbuyo atagwira siketi ndi dzanja limodzi, chikuto cha buku ndi linalo.

Namwino wa pa kachipatala anali ataponya tsamba lake m'dengu la zinyalala, ndipo linatuluka lili bwinobwino. Kwa telala zinavutirapo, chifukwa tsamba lake anali atadulirapo patani ya kolala, mwakuti linabwera lili ngati mwezi wongooneka kumene. Mwamwayi zidutswa zinali zidakali pansi pa makina, ndipo atatu onsewo anagwada n'kumazilumikiza, telala akufunsa kuti kodi ndi kalata ya chibwenzi. Mayi wina anali atamata lake pa bowo la zenera. Analolera kulimatula pokhapokha Manase atamupatsa kapepala ka malangizo a feteleza kuti katseke malowo.

Mlonda wa nyumba yosungira mpunga anamupeza atakhala pa thumba, akusuta mwamtendere. Phoebe anangoona kamutu ka chidole chachitsulo kakusuzumira pa ndudu ija, moto ukukayandikira.

"Manase! Icho!"

Manase anadumpha njinga isanaime bwino, natsomphola ndudu pakamwa pa mkuluyo, naizimitsa pa nsapato. Mlondayo anatsala kukamwa kuli yasa. Anayang'ana Manase, nayang'ana Phoebe amene ankatambasula pepalalo ngati akusambitsa khanda, kenaka anatambasula dzanja.

"Fodya wanga yekha mundibwezere."

Anamukhuthulira m'dzanja, namupepesa m'zilankhulo ziwiri, ndipo pochoka njinga inkayenda mokhotakhota chifukwa woyendetsa ankalira ndi phwete.

Pofika Lachisanu mbiri inali itawanda yoti mtsikana wa pa taipi akufuna mapepala amafuta. Anthu anayamba kubwera nawo pa windo la ofesi. Ena anali a bukulo ndithu, koma ambiri anali mayeso akale a sitandade eyiti, tsamba la nyimbo za m'tchalitchi, ngakhale kalata ya Chiswahili ya munthu wina wodandaula kuti mkazi wake sakumuyankha. Phoebe ankalandira lililonse, kuliyang'ana padzuwa, n'kuthokoza. A Wallace anadandaula kuti ofesi ya boma yayamba kununkhira ngati khitchini, ndiponso kuti nyerere zalowa m'mafayilo. Koma nawonso Lachisanu lomwelo anabwera ndi tsamba limodzi kuchokera kunyumba, naliika pa tebulo la Phoebe.

Masamba khumi anapezeka. Limodzi inadya mbuzi anthu akuona, koma linali longotchula mitu ya m'bukumo, choncho mbuziyo anaikhululukira. Telala uja anasoka onsewo pamodzi ndi ulusi wakuda. Linatsala limodzi lokha, la nambala 43, la pakati penipeni pa sewero lalikulu la kumapeto kwa buku, ndipo ngakhale Keziya sanakumbukire amene anapita nalo.

Phoebe anayambira pa tsamba loyamba. Ankamaliza manambala a madzi mwa liwiro la mphezi kuti atsale ndi ola lathunthu jenereta isanazime. Kachidole kachitsulo kaja sikankamufunsa za masamu a fomu folo. Kankangomuuza kuti tayipa ichi, tsopano ona chimene chachitika, tsopano sintha nambala iyi uonenso. Tsiku loyamba analamula makina kuti alembe dzina lake mosalekeza, ndipo ma Phoebe anatsetsereka pa galasi ngati madzi a mu ngalande mpaka anachita manyazi n'kuphimba ndi manja. Tsiku lachitatu mpira unawoloka galasi kuchoka kumanzere kupita kumanja, n'kusowa. Tsiku lachinayi unagunda khoma n'kubwerera. Phoebe anatuluka panja, nazungulira mtengo wa mango wa pa ofesi kawiri, nabwerera kudzakhala pansi ngati palibe chachitika. Sewero lalikulu lija analitayipa lonse n'kulisunga, kusiya mpata wa tsamba losowalo.

Lolemba linalo, cha m'ma wani koloko, pakhomo panaima a Zebedee.

A Zebedee anali wapampando wa chipani m'deralo, bambo wamfupi wovala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, baji ili pa chifuwa. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo munthu ankatha kusowa chifukwa cha kapepala kochepa kuposa chikhatho. A Wallace anaimirira mwachangu mpaka mpando unagwa. Manase, amene ankalemba lipoti pa kona, anavula chipewa.

"Ndamva kuti pano mukusonkhanitsa mapepala," anatero a Zebedee, atakana mpando.

"Ndi zachibwana chabe, a tcheyamani," anayankha a Wallace, thukuta litayamba kale.

"Zachibwana." A Zebedee anapisa dzanja m'thumba la jekete, natulutsa pepala lopindidwa bwino, lamafuta. "Inenso vitumbuwa ndimadya. Ili ndakhala nalo kuposa sabata. Ndinapita nalo kwa wodziwa Chingerezi. Apa akuti mdani. Apa akuti bomba. Apa akuti ombera. Ndiye pali manambala awa, osamveka mutu wake. Mzungu wachoka, wasiya makina, wasiya mapepala, mapepalawo akuyenda m'midzi atabisala m'vitumbuwa, kenaka onse akubwera kudzakumana pano. Mukundiona ngati mwana ine?"

Panja jenereta inkangolira. Phoebe anakumbukira mayi ake ku Ntcheu. Koma maso ake, opanda mwambo, anali atathamangira kale pa kona ya pepalalo. Panalembedwa 43. Mantha ndi chimwemwe zinagundana pa chifuwa, mwakuti mawu amene anatuluka anali opyapyala ngati a mwanapiye.

"Bambo, pepalalo ndi langa."

A Wallace anatsokomola koopsa.

"Ndikutanthauza kuti si langa, koma ndimalifuna. Ndi sewero la ana. Ndiloleni ndilitayipe inu mukuona, makinawa anene okha zimene zalembedwapo. Mukaona choipa, munditenge."

A Zebedee anaganiza kanthawi. Anavomera, koma pepalalo sanalitaye. Analigwira okha ndi manja awiri patsogolo pa nkhope ya Phoebe ngati wogwirizira kwaya buku la nyimbo. Phoebe anatayipa mzere ndi mzere. Atamaliza analemba RUN, liwu louza makina kuti ayambe, nadina batani.

Makina analira kamodzi kuti pii, nalemba kuti mzere 310 ndi wolakwika.

"Akana kuulula?" anafunsa a Zebedee.

Phoebe anasuzumira pa pepala. Pa mzere 310 penipeni panali dontho lalikulu la mafuta limene linasungunula inki, ndipo iye anali atangolotera zilembo. Panalibe kachidole kofotokoza, panalibe wofunsa. Anapuma mozama nayang'ana mizere yoyandikana nayo. Mzere 300 unkasunthira kanthu kumanzere pochotsa chimodzi pa nambala ya malo ake. Nanga wotsatirawo ungakhale wa chiyani ngati si wopita kumanja? Ndipo ngati kumanzere n'kuchotsa, kumanja n'kuwonjeza. Anafufuta, natayipa mzere umene sanaukopere paliponse, woyamba m'moyo wake wochokera m'mutu mwake. Anadinanso batani.

Galasi linayera. Pansi panaoneka chilembo A. Kumwamba kunayamba kutsika zilembo V, chimodzi, kenaka ziwiri, kenaka zitatu. Phoebe anadina batani lalitali, ndipo kuchokera pa A panatuluka kadontho kamene kanakwera n'kuphulitsa V mmodzi. Anadziluma mlomo kuti asakuwe.

"Eya," anatero a Zebedee, akuwerama. "Adani aja ndi amenewa. Tsopano mundiuze. Akuimira ndani?"

A Wallace ankayang'ana denga. Kudzera pa windo kunkamveka zitini za m'minda ndi mawu a anthu okuwa. Manase anayang'ana kunjako, nayang'ana pa galasi, ndipo nkhope yake inawala.

"Dada, simukuziona? Viyuni ivyo! Mbalame! Taonani mapikowo. Uyu wapansiyu ndi mlimi ndi legeni yake."

"Eee, ndi mbalame," anatero Phoebe mofulumira. "Mpheta."

A Zebedee nawonso anali ndi munda mu sikimumo, ndipo chaka chimenecho mpheta zinawakonda kuposa wina aliyense. Anayandikira mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza galasi. V mmodzi anazemba kadontho, natera pansi, makina n'kulira.

"Yadya mpunga!" anakuwa a Zebedee. "Mwaisiyiranji? Sunthani, mama, sunthani!"

Phoebe anasuntha. Wapampando anakhala, napinda manja a jekete, nafunsa kuti legeni ndi batani liti. Ankadina ndi chala chimodzi, mwamphamvu ngati akupha nsikidzi. Mbalame zitatu zoyamba zinawapulumuka. Yachinayi anaigenda, ndipo anamenya tebulo mpaka buku losokedwa lija linadumpha. Chichewa chinawathawa, n'kutsala Chitumbuka chokhachokha. A Wallace, amene mphindi zochepa zapitazo ankaona ntchito yawo ikutha, anapezeka ataima kumbuyo kwawo akukuwa kuti, "Kumanja, a tcheyamani! Kumanja!" Manase ankawerenga mokweza mbalame zakufa. Alimi awiri amene anabwera kudzafunsa za madzi anakanirira pa windo, ndipo kumbuyo kwawo kunabwera ena.

Anali atapha khumi ndi zisanu ndi zinayi pamene thu koloko inakwana. Jenereta inazima, galasi n'kuda.

"Wazimitsa ndani?" anabangula a Zebedee.

"Ndi nthawi yake, a tcheyamani. Mafuta a boma."

Pamenepo mkuluyo anakumbukira kuti ndi ndani. Anaimirira, natsitsa manja a jekete, nawongola baji, nayang'ana anthu a pa windo mpaka anabalalika.

"Nkhani iyi," anatero mwaulemu wake wonse, "ndi yofunika kuifufuza mofatsa. Ndibweranso mawa."

Pepala lija analisiya pa tebulo. Atangokhota pa msewu, Phoebe anatsetsereka pa mpando mpaka pansi. Ankaseka, misozi ili mbwembwembwe, osadziwa kuti ndi ya chiyani. Manase anakhala pa simenti pambali pake akupuma ngati wathamangitsidwa ndi njati. A Wallace anamwa madzi makapu awiri, kenaka anafunsa motsitsa mawu ngati mawa angayeseko nawonso a tcheyamani asanafike.

Kafukufuku wa a Zebedee anatenga sabata yonse, ndipo anafika pa mbalame makumi anayi. Kenaka a Wallace anakhazikitsa lamulo loti masewera azichitika theka la ola lomaliza lokha, ntchito ya madzi itatha, ndipo lamulolo linkasungidwa masiku ena.

Tsiku lina pa windo panaima Yunike, mayi wa munda wa kumapeto kwa ngalande yaikulu, amene mawu ake anali atasasa ndi kuingitsa mbalame. Anaonerera kwa kanthawi manja ali m'chiuno, kenaka anapukusa mutu.

"Izi si mpheta," anatero.

"Bwanji, mayi?" anafunsa Phoebe.

"Mpheta sizigwa chotsika ngati mango. Zimabwera chigulu, kuchokera m'mbali. Ukagenda imodzi zonse zimabalalika, uziti zapita, kenaka uzimva zili kumbuyo kwako. Amene analemba izi sanalindirepo mpunga."

Phoebe anatsegula buku lake lamafuta, nafufuza kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Za gulu lobalalika munalibe. Kachidole kachitsulo kanali pa tsamba lomaliza kakubayibitsa. Anakayang'ana pang'ono, natseka bukulo, nakoka pepala loyera ndi pensulo.

"Lowani, mayi. Khalani apa. Mundiuze bwinobwino, zikabalalika zimayamba kulowera kuti?"

Zinatenga masabata atatu. Mbalame zoyamba zinauluka chobwerera m'mbuyo. Zachiwiri zinaunjikana pa kona imodzi n'kukana kuchoka. Tsiku lina zinabalalika bwino kwambiri moti sizinabwererenso, ndipo Yunike anati zimenezo akanakonda zitachitika kumunda. Phoebe anapezeka akutsegula ngakhale chibuku chonenepa chija, ndipo anadabwa kuona kuti tsopano mwina ndi mwina chimalankhula zomveka. Yunike ankabwera masana alionse akasinthana ndi mlamu wake kumunda, n'kumakana chilichonse chimene sichinafanane ndi mpheta zenizeni.

Lachinayi la sabata yachitatu, Phoebe anadina batani, nabisa manja pakati pa mawondo. Kumanzere kwa galasi kunatulukira ma V asanu ndi atatu, ali pamodzi, akuweyama. Anagenda mmodzi. Otsalawo anamwazikana mbali zonse n'kusowa. Galasi linakhala lopanda kanthu. Yunike anatsegula pakamwa kuti anene kuti zalakwikanso, ndipo nthawi yomweyo gulu lonse linatulukira kumanja, m'munsi, kumbuyo kwa mlimi.

Yunike anaiwala kuti ali mu ofesi ya boma. Anadumpha, nawomba m'manja pamwamba pa mutu, nakuwa ndi mawu ake onse osasawo ngati ali pakati pa munda.

"Haaa! Haaa! Choka!"

Mpheta za pa mtengo wa mango panja zinauluka zonse. Za pa galasi zinatera n'kudya mpunga, chifukwa Phoebe anali atagwira m'mimba ndi kuseka, osathanso kupeza batani.